Lekani kumanga waya pamalo a fyuzi

Alimi anzanga, chiperoni chino ndayenda m'madimba kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli ndipo zomwe ndaona zandiwawa. Fyuzi ya pampu ya sola ikapsa anthu akungotenga kawaya ka kopa kapena pepala lonyezimira lija la m'paketi ya ndudu nkumangapo, pampu nkulira, iwo nkumati takonza. Mwakonza chani? Fyuzi anaipanga dala kuti ikhale yofooka, magetsi akapyola muyezo ipse iyoyo, waya ndi kontirola, kabokosi kowongolera magetsi kaja, zipulumuke. Mukamangapo waya ndiye kuti chopsa pano ndi kontirola yanu yodula ija, kapena waya wodutsa kudenga la udzu komwe kukugona ana. Ndipo musaiderere batire poti ndi ya 12 volts, ikachita shoti imatulutsa ma amp mazanamazana, waya amafiira ngati khala musanathawe nkomwe.

Bambo ena a ku Chonde, amalima tomato ndi kabichi, anandiuza kuti fyuzi yawo ya 10 amp inapsa katatu sabata imodzi, atatopa nazo anamangapo waya. Mawa lake kontirola inafuka utsi, mbande zinakhala masiku osathiriridwa zina mpaka kuuma. Titautsata waya wa pampuyo tinapeza khoswe anatafuna kuseri kwa thanki, chinyezi nkumalowapo. Fyuzi ija inawauza katatu konse koma iwo amaiona ngati yovuta ndi iyoyo.

Ena mwamva za bureka, ija ikagwa mumangoikweza, ndiye mukuti bola imeneyo. Inde imathandiza pomwe pamagwaigwa, monga pampu ikatsamwa ndi matope, simuthamangiranso ku Luchenza kukagula ina. Koma ndaona anthu akuikweza kambirimbiri osayang'ana chagwetsa nchani, khalidwe lake ndi lomwe lija la waya basi, mapeto ake bureka nayo imatha. Komanso bureka ya m'nyumba ya magetsi a ESCOM ndi ya AC, pa batire pamafunika yolembedwa DC chifukwa moto wa DC suzima msanga ikamadula. Timafyuzi tija timabwerera tokha tikazizira timapezeka m'zipangizo zing'onozing'ono, pa batire ya pampu ayi ndithu.

Ndiye chitani izi. Pafupi penipeni ndi batire, pa waya wa plus, ikani fyuzi yopsa kamodzi, bureka ya DC ikhale cha ku pampu ngati mwaifuna. Fyuzi ikapsa, chotsani kaye batire, fufuzani waya yense, kenako ikani ya nambala yomweyo osati yaikulu. Zija zangati za m'galimoto mtundu umakuuzani, yofiira 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Gulani zingapo muzisunga m'kabotolo kotseka bwino, chinyezi cha kuno chimadyetsa dzimbiri.