Momwe mungadziwire ngati loji ya ma Freemason ndi yovomerezeka kapena ndi msampha wa akuba

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, yemwe amagulitsa zipangizo za mafoni ku Area 25, anafika kunyumba madzulo akuoneka kuti ali ndi nkhani koma akusowa poyambira. Titatha kudya anandipatsira foni yake. "Malume, taonani izi. Akuti andilandira." Pa WhatsApp panali chithunzi cha chikalata chokongola, pamwamba pali chizindikiro cha kampasi ndi sikweya ya amisiri omanga, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zagolide. Pansi pake panali uthenga woti atumize K180,000 ya fomu ndi mphete dzuwa la mawa lisanalowe. Wolembayo anawonjezera kuti asamvere magulu ena a ma Freemason chifukwa onsewo ndi abodza, enieni ndi iwowo basi.

Mawu omalizawa ndi amene anandichititsa kulemba nkhaniyi. N'zoona kuti magulu a ma Freemason, bungwe lakale la ubale lokhala ndi malumbiro ndi miyambo yakeyake, amakanana okhaokha, ndipo akhala akutero kwa zaka zoposa 250. Akuba amadziwa zimenezi, ndiye amabisala m'mkanganomo. Ine si Freemason, ndipo sindikuuza munthu kuti alowe kapena asalowe. Chomwe chimandiwawa n'kuona mnyamata wolimbikira akufuna kutaya mpamba wake wonse chifukwa chosadziwa zoyenera kufunsa.

Choyamba: funsani dzina, nambala ndi mwini wake wa lojiyo

Loji imene tikunena pano si malo ogona alendo aja. Ndi gulu la anthu amene amakumana nthawi ndi nthawi pamalo amodzi, ndipo gulu lililonse lotere limakhala ndi dzina, nambala, komanso chikalata chomwe linapatsidwa ndi likulu lake, lotchedwa Grand Lodge. Popanda chikalatachi palibe loji.

Ganizirani za ufumu kumudzi. Munthu sangodzuka n'kunena kuti kuyambira lero ndine nyakwawa. Pamafunika mbumba imusankhe, agulupu amudziwe, a T/A amuvomereze, dzina lilowe m'kaundula. Munthu akadzitchula mfumu, akuluakulu amangofunsa kuti anakuvekani ndani. Funso lomwelo ndi limene muyenera kufunsa: lojiyi inakhazikitsidwa ndi Grand Lodge iti, ndipo nambala yake ndi chiyani?

Ma loji a kuno kwathu anabwera ndi azungu nthawi ya atsamunda. Chitsanzo chodziwika ndi Lodge Nyasa No. 956 ya ku Blantyre, yomwe ili pansi pa Grand Lodge ya ku Scotland. Onani mmene dzinalo lakhalira: dzina, nambala, mwini wake. Maiko ena mu Africa muno anakhazikitsa malikulu awoawo, monga South Africa mu 1961 ndi Ghana mu 2009, koma ma loji akale a ku Malawi amayankhabe ku Britain. Tsono wina akakuuzani kuti akuimira likulu la ma Freemason a dziko lonse lapansi, dziwani kuti likulu lotero kulibe. Grand Lodge iliyonse imadzilamulira yokha, ndipo palibe imene ili pamwamba pa zinzake.

Mwana wa mlongo wanga atafunsa funsoli, anamuyankha kuti zimenezo ndi chinsinsi. Ili ndi bodza. Dzina ndi nambala ya loji si chinsinsi, zimasindikizidwa m'mabuku apachaka.

Chachiwiri: tsimikizirani nokha kuchokera kumtunda

Musagwiritse ntchito nambala ya foni kapena adiresi ya intaneti imene wakupatsani munthu yemweyo. Pezani nokha tsamba la Grand Lodge yomwe watchulayo. United Grand Lodge of England ili ku Freemasons' Hall, mumsewu wa Great Queen Street ku London. Ya ku Scotland ili mumsewu wa George Street ku Edinburgh, ndipo ya ku Ireland ili ku Dublin. Lemberani ofesi ya mlembi wamkulu kumeneko, mutchule dzina la loji ndi nambala yake, mufunse ngati ili m'kaundula wawo. Ngati munthuyo watchula Grand Lodge ya dziko lina, ya ku England imaika poyera mndandanda wa malikulu akunja omwe imawavomereza, ndiye mutha kuyang'ana pamenepo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri. Gulu likhoza kukuonetsani satifiketi yoti linalembetsa ku boma. Satifiketi imeneyo, ngakhale itakhala yeniyeni, imangosonyeza kuti bungwelo lilipo pamaso pa malamulo a dziko. Boma siligamula zoti uyu ndi Freemason weniweni kapena ayi, monga mmene siligamulira kuti ubatizo wa mpingo uti ndi woona.

Chachitatu: dziwani muyeso umene iwo amayezerana

Mu 1929 Grand Lodge ya ku England inalemba mfundo zimene imayang'ana isanavomereze likulu lina. Zikuluzikulu ndi izi: likhale kuti linakhazikitsidwa ndi Grand Lodge yovomerezeka kapena ndi ma loji ovomerezeka osachepera atatu, mamembala akhale okhulupirira Mulungu, malumbiro azichitikira pa buku lopatulika, kaya Baibulo, Korani kapena lina malinga ndi chipembedzo cha wolumbirayo, mamembala akhale amuna okhaokha, likululo lizidzilamulira lokha, ndipo nkhani za ndale ndi zipembedzo zisamakambidwe pamsonkhano.

Malikulu awiri akavomerezana, phindu lake lenileni ndi kuyenderana. Membala wa uku akhoza kukakhala nawo pamsonkhano wa uko. Akapanda kuvomerezana chitseko chimatsekedwa, ndipo membala wopita kumsonkhano wa gulu losavomerezedwa akhoza kupatsidwa chilango kwawo.

Chachinayi: siyanitsani mkangano weniweni ndi umbava

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa mawu oti "osavomerezedwa" ali ndi matanthauzo awiri osiyana kwambiri.

Kukanana kunayamba kalekale ku England komweko. Grand Lodge yoyamba imawerengera chiyambi chake pa 24 June 1717 ku London. Mu 1751 kunadzuka ina yopikisana nayo, yomwe inkadzitcha Antients, kutanthauza osunga za makolo, n'kumanena anzawowo kuti ndi Moderns, osintha miyambo. Anakhala zaka 62 osayenderana mpaka anagwirizana pa 27 December 1813, ndipo mawu oti United m'dzina la likulu la ku England anachokera pamenepo.

Mng'alu waukulu umene ulipo mpaka lero unabwera mu 1877, pamene Grand Orient de France, likulu la ku France, inachotsa lamulo loti membala akhale wokhulupirira Mulungu. England ndi anzake anadula ubale. Kuyambira pamenepo kuli mabanja awiri: la ku Britain, ndi la ku France lomwe limalandira osakhulupirira ndipo silipewa nkhani za ndale. M'maiko a mu Africa olankhula Chifalansa mumapezeka magulu a mbali zonse ziwiri. Munthu wa Grand Orient si wakuba. Ali m'bungwe lakale, lodziwika, lokhala ndi maofesi ake ku Paris, kungoti a ku London samuyendera.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Prince Hall. Iyeyu anali munthu wakuda wa ku Boston ku America, yemwe analowa mu 1775 pamodzi ndi anzake akuda 14. Mu 1784 analandira chikalata chenicheni kuchokera ku England chokhazikitsira African Lodge No. 459. Chikalata anali nacho, mzere wake unali wowongoka, komabe malikulu a azungu ku America anawakana kwa zaka pafupifupi 200. Chifukwa chimene ankapereka chinali lamulo lawo loti dera limodzi likhale ndi Grand Lodge imodzi yokha, koma aliyense wowerenga mbiriyo amaona kuti khungu linali pakati pa nkhaniyi. Kuvomerezana kokhazikika kunayamba mu 1989 ku Connecticut, ndipo England inavomereza Prince Hall Grand Lodge ya ku Massachusetts mu 1994. Choncho kukanidwa sikuti nthawi zonse kumasonyeza kuti wokanidwayo ndiye wolakwa. Nthawi zina wokanayo ndi amene ali ndi mlandu.

Nkhani ya malire imeneyi si yachilendo kwa ife a ku Lilongwe. Tinaona mmene ma sinodi a CCAP a Nkhoma ndi Livingstonia anavutanira pa funso loti ndani ali ndi ufulu wotsegula mpingo kudera liti. Onsewo ndi a mpingo umodzi, chiphunzitso chimodzi, koma malire okha anawayambanitsa. Ma loji nawonso amakanganirana malo chimodzimodzi.

Kuvomerezaku kumathanso kulandidwa n'kubwezedwa. Grande Loge Nationale Française, yomwe ndi mnzake wa England ku France kuyambira 1913, inalandidwa mu 2012 chifukwa cha mikangano ya utsogoleri, n'kubwezeredwa mu 2014 zinthu zitakhazikika. Choncho yang'anani mndandanda wa chaka chino, osati wakale.

Za amayi: kuli magulu awo, monga Order of Women Freemasons ku England, lomwe linayamba mu 1908, ndi Le Droit Humain la ku France la mu 1893, lolandira amuna ndi akazi omwe. England siyenderana nawo pamisonkhano, koma sinena kuti ndi akuba.

Magulu onsewa, ngakhale amakanana, amafanana pa chinthu chimodzi. Ali ndi adiresi yoti mutha kufikapo, atsogoleri odziwika mayina, malamulo olembedwa ndi mbiri yotheka kuitsata. Funsani gulu lililonse kuti ndani amakuvomerezani, kenako mukafunse otchulidwawo ngati akulidziwa. Bungwe lenileni lidzakuuzani mosabisa kuti awa timayenderana nawo, awa ayi, pa chifukwa chakuti. Wakuba amangoti ena onse ndi abodza, tumizani ndalama.

Chachisanu: yang'anani njira imene akukulowetserani

M'ma loji a dongosolo la ku Britain munthu salowa kudzera pa Facebook tsiku limodzi. Amakumana maso ndi maso ndi mamembala, amamufunsa za banja lake ndi zolinga zake, mamembala awiri amaimirira kumuchitira umboni, kenako loji imavota. Zimatenga miyezi. Akalowa, iyeyo ndiye amalipira ndalama ya umembala chaka ndi chaka ndi kusonkha zothandizira osowa. Loji siilipira mamembala ake. Aliyense wolonjeza galimoto, nyumba ku Area 43 kapena madola mwezi ndi mwezi akukunamizani.

Akatchula Illuminati, musavutikenso n'kufufuza. Gulu la dzina limeneli linayambitsidwa ndi Adam Weishaupt ku Bavaria pa 1 May 1776, ndipo boma la kumeneko linalithetsa m'zaka za 1784 ndi 1785. Lilibe ofesi ku Lilongwe, ku Lagos kapena ku Johannesburg. Chikalata cha mwana wa mlongo wanga chinali ndi mayina onse awiri, Freemason ndi Illuminati, pamzere umodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo wina akayamba kunena za magazi, ziwalo za munthu kapena kupereka m'bale wanu, imeneyo si nkhani yofunsanso ku London. Pitani ku polisi tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani kumpingo kwanu

Loji kukhala yovomerezeka pakati pa ma Freemason sikutanthauza kuti mpingo wanu ukuivomereza. Mpingo wa Katolika unaletsa akhristu ake kulowa kuyambira mu 1738, nthawi ya Papa Clement XII, unabwereza chiletsochi mu 1983, ndipo unachitsimikizanso mu November 2023. Chiletsocho sichisankha kuti iyi ndi ya ku England kapena ya ku France. Mipingo ina ili ndi maganizo akeake, ndiye kambiranani ndi abusa, ansembe kapena shehe wanu musanaponde phazi kulikonse. Kambiranani ndi akunyumba kwanunso.

Ngati munatumiza kale ndalama

Musafufute chilichonse. Sungani mauthenga, nambala imene munatumizako ndalama, ndi uthenga wotsimikizira kuti ndalamayo yapita. Imbirani kampani ya foni yanu mwamsanga muwauze kuti mwaberedwa, kenako kadandauleni ku polisi ya kufupi nanu. Kubera anthu pa intaneti ndi mlandu, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Ambiri amakhala chete poopa kuti anthu aziti ankafuna zausatana, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo akubawo amadalira manyazi omwewo. Akayamba kukuopsezani kuti mukasiya mudzafa kapena mudzachita misala, musatumize ina yoti muwapepese. Akaona kuti mantha akugwira ntchito amapitiriza kupempha.

Mwana wa mlongo wanga anali atatumiza kale K30,000 ya chimene ankachitcha kutsegula fayilo, ndipo anandiuza zimenezi mochedwa, maso ali pansi. Usiku womwewo tinalembera munthu uja mafunso atatu: dzina la loji, nambala yake, ndi Grand Lodge imene inapereka chikalata. Anayankha ndi zithunzi za ndalama zoyalidwa pabedi. Titabwereza mafunsowo kachiwiri anayamba kuopseza, ndipo pofika m'mawa nambala ija sinkapezekanso. Tinapita limodzi ku polisi titanyamula mauthenga onse, ndipo K150,000 yotsalayo anakaoda nayo machaja ndi makava a mafoni ku Area 2 Loweruka lotsatira.