Momwe Fakitale Yaing'ono ku Harare Ingatsatire Malamulo a Madzi Oipa Ntchito Osaima

Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito m'mafakitale a ku Workington, Graniteside ndi Southerton timaona bungwe la boma loona za chilengedwe la Environmental Management Agency (EMA) ngati lobwezera ntchito m'mbuyo, komatu madzi amene timataya m'ngalande amatsata mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba n'kukathira m'nyanja ya Chivero, komwe kumachokera madzi a m'mipopi yathu ku Mbare ndi Highfield.

Choyamba, fufuzani kumene madzi anu oipa amapita. Ngati amalowa m'mapaipi a suweji, chilolezo chake chili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, koma ngati amatayikira pansi kapena mumtsinje, mufunika laisensi ya EMA. Malamulo a chaka cha 2007 anagawa madziwa m'magulu anayi potengera kuopsa kwake: la buluu, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira. Gulu lofiira ndilo limalipira ndalama zambiri, choncho tengerani madzi anu ku labotale kuti mudziwe gulu lanu oyendera a EMA asanafike.

Mukadziwa, yambirani pansi pa makina, chifukwa ndi pomwe ndalama zimatayikira. Mnyamata akatenga paipi madzulo n'kumakankha ndi madzi utoto, ufa kapena girizi kulowetsa m'ngalande, fakitale imaluza katatu: katundu amene anagulidwa, madzi olipiridwa, ndiponso gulu la laisensi limakwera. Asese kaye ndi tsache, athire utuchi pamene padontha oilo, n'kutsuka pomaliza. Ikani mathireyi pansi pa migolo, ndipo oilo wakale asungidwe m'migolo yotseka. Kenaka mangani dzenje la simenti lazipinda ziwiri kapena zitatu, momwe matope amadikha pansi, mafuta n'kuyandama pamwamba kuti muziwayengula. Madzi a mvula ochokera padenga akhale ndi njira yawoyawo, apo ayi dzenjelo lidzasefukira mu Januwale.

Sindikubisa kuti zimenezi zimadya ndalama ndi nthawi, makamaka miyezi yoyamba. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuyengula mafuta ndi kuchotsa matope pa maola amene magetsi azimitsidwa, pamene makina ali chete kale. Lembani m'kabuku tsiku loyeretsa dzenje, zotsatira za ku labotale ndi kumene matope anakatayidwa, pakuti EMA ili ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa ngakhalenso zoimitsa ntchito, ndipo oyendera akafika amafuna kuona zolembedwa.