Momwe mungasankhire bandwidth ndi sampling rate ya oscilloscope

Mmisiri wokonza ma inverter a sola kapena mabolodi oyendetsa mapampu a ulimi wothirira ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, akamagula kapena kubwereka oscilloscope, makina oonetsa pa sikirini mmene magetsi (signal) akusinthira, ayenera kuyamba wafunsa ngati makinawo angathe kuonetsa signal imene akuifufuza mosaipotoza.

Choyamba, dziwani liwiro la signal yanuyo. Mwa njira zimene ma chip amatumizirana mauthenga, I2C kawirikawiri imayenda pa 100 kHz kapena 400 kHz, pamene SPI ya bolodi la Arduino Uno imafika 8 MHz. Chulukitsani nambalayo kasanu, ndipo mupeza kuti 8 MHz imafuna bandwidth (malire a liwiro la signal imene makina angaonetse bwino) yosachepera 40 MHz. Malo otsalawa ndi ofunika chifukwa signal ikafika pa bandwidth yolembedwa pa makina, imaoneka itatsika kale kufika pa 70 peresenti ya kukula kwake.

Chachiwiri, chimene ambiri amachidumpha, ndi nthawi imene signal imatenga pokwera kuchoka pa 0 (magetsi otsika) kufika pa 1 (magetsi okwera). Signal ikhoza kubwerezabwereza pang'onopang'ono koma nkumakwera mofulumira kwambiri, ndipo mavuto ambiri amabisala pokwererapo. Gawani 0.35 ndi nthawiyo kuti mupeze bandwidth yofunika: kukwera kwa ma nanosekondi 5 kumapereka 70 MHz, choncho makina a 50 MHz adzasalaza kugwedera kumene kukusokoneza chip. Ine ndingalangize 100 MHz kapena kupitirira.

Kenako yang'anani sampling rate, kutanthauza kuchuluka kwa miyezo (ma sample) imene makina amatenga pa sekondi imodzi. Lamulo la Nyquist limati ipose kawiri frequency yapamwamba kwambiri, koma pantchito yeniyeni funani kasanu kapena kuposa, monga 1 GSa/s (ma sample biliyoni imodzi pa sekondi) pa makina a 100 MHz. Pa makina ambiri nambalayi imatsika mukayatsa channel (polowera signal) yachiwiri.

Imatsikanso mukatalikitsa nthawi yoonekera pa sikirini, pakuti memory ili ndi malire. Makina osunga ma sample 10,000 amadzaza m'ma microsekondi 10 okha pa 1 GSa/s, ndipo mukafuna kuona ma millisekondi 10 amatsikira pa 1 MSa/s (miliyoni imodzi yokha pa sekondi). Pamenepo signal ya 8 MHz idzaoneka ngati yoyenda pang'onopang'ono, chinyengo chotchedwa aliasing, ndipo mungasinthe chip chabwinobwino popanda chifukwa. Muziwerenga nambala ya sampling rate yolembedwa pa sikirini nthawi zonse mukatembenuza batani la nthawi.

Pomaliza, ikani kaswichi ka probe (chingwe chogunditsa pamene mukuyeza) pa 10x, chifukwa pa 1x imangodutsitsa ma MHz ochepa, ndipo waya wake wa ground ukhale waufupi. Musaukoleke ku mbali ya inverter yokhala ndi magetsi amphamvu, pakuti pa makina olumikizidwa ku magetsi a ESCOM wayawo ndi wolumikizana ndi earth, choncho mungachititse shoti.