Kasonkhedwe ka moto mu mgolo wowotchera nyama

Chowotchera nyama chomwe amachitchula kuti offset smoker chili ndi mgolo wogona momwe mumakhala nyama, kabokosi ka moto kowotcheredwa m'mbali chakumunsi, ndi chumuni mbali inayo. Nyama sikhudzana ndi malawi ngati pa kanyenya. Imapsa pang'onopang'ono ndi mpweya wotentha wochoka ku kabokosi kupita ku chumuni, pa madigiri 110 mpaka 130. Amene amatha nkhuni zambiri ndi uja amasonkha chimoto chachikulu kenako n'kuchitsekera mpweya kuti chisatenthe kwambiri. Chofunika ndi moto waung'ono woyaka ndi malawi.

Kolezani kaye makala okwana kilo imodzi kapena imodzi ndi theka. Akafiira onse, ikani zikuni ziwiri pamwamba, chitseko cha kabokosi chili chotsegula, mpaka zigwire moto. Dikirani mphindi 40 kapena ola lathunthu kuti chitsulo chonse chitenthe musanaike nyama. Mukathamanga pamenepa, mudzalimbana ndi moto tsiku lonse.

Nkhuni zikhale zouma ndithu, zakhala pamthunzi miyezi sikisi kapena kuposa. Mukagundanitsa ziwiri zizilira ngwe, osati di. Ziwazeni zikhale ngati mkono wanu, kuyambira pa kasukusuku kufika pa dzanja. Pichesi, mango ndi gwafa zimapereka fungo labwino. Paini ndi wosavuta kupeza kuno ku Dedza, koma musamuyerekeze: utomoni wake umadetsa nyama ndi mwaye, ndipo imawawa. Bulugamu nayenso amasiya kafungo ka mankhwala, ngati muli ndi yekhayo muyatseni pambali, muzingotapa makala ake. Chikuni chotsatira chizikhala pamwamba pa kabokosi kuti chiziyamba kutentha. Chikatero chimagwira moto nthawi yomweyo mukachiponya, pomwe chozizira chimayamba chafuka kwa mphindi zingapo kutentha kukutsika. Sonkhani chimodzi pa mphindi 30 mpaka 45 zilizonse, makala asanathe mphamvu.

Utsi ndiwo umakuuzani zomwe zikuchitika mkati. Wabwino ndi wochepa, wooneka ngati wabuluu, woti uchite kuuyang'anitsitsa. Woyera wambiri, wotuluka ngati mtambo, ndiye kuti nkhuni zikungofuka: mwina ndi zaziwisi, mwina mpweya wachepa. Chumuni chisiyeni chotsegula chonse, chifukwa ndicho chimakoka mpweya. Kutentha kukakwera, chepetsani pang'ono pa kabowo ka mpweya ka pa kabokosi ndipo dikirani mphindi khumi musanakhudzenso. Kukakwerabe, vuto ndi kukula kwa moto, ndiye chikuni chotsatira chikhale chaching'ono. Phulusa lizichotsedwa kunsi kwa waya wa makala, likadzaza limatseka njira ya mpweya.

Chopimira kutentha cha pa chivundikiro chimanama. Chili m'mwamba momwe mpweya wotentha umasonkhana, pomwe nyama ili m'munsi pa waya. Boolani chivundikiro muike china cholingana ndi wayayo. Chiyeseni m'madzi owira, koma kumbukirani kuti tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kotero madzi amawira pa madigiri 95 osati 100. Chikaonetsa 95 chili bwino, musachitaye.

Mdani wamkulu kuno ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julaye, mphepo ya mwera ikamawomba, mgolo wa malita 200 wa chitsulo chopyapyala umataya kutentha msangamsanga, kaya muli ku Bembeke kaya ku Tsangano. Uikeni kuseri kwa khoma, kabowo ka mpweya kasayang'ane komwe mphepo ikuchokera, apo ayi moto uzingolilima nkhuni n'kumatha. Yalani njerwa zootcha zinayi kapena zisanu pansi mkati mwa mgolo. Zimachedwetsa kutentha poyamba, koma zikatentha zimasunga. Pafupi ndi khomo lochokera ku kabokosi, pomwe pamatentha kwambiri, ikani kapoto ka madzi otentha. Pomwe utsi ukudontha m'mphepete mwa chivundikiro, tsekani ndi foyilo wopindapinda. Wowotcherera akamapanga, muuzeni chumuni chiyambire molingana ndi waya wa nyama, osati padenga la mgolo.

Chivundikiro musamatsegule n'cholinga chongoona. Kutsegula kamodzi kumafuna mphindi khumi kapena kuposa kuti kutentha kubwerere, ndipo zimenezo ndi nkhuni.

Phewa la nkhumba kapena mwendo wa mbuzi ukafika madigiri 65 mpaka 75 mkati, umaima pomwepo kwa maola awiri kapena atatu, chifukwa madzi otuluka mu nyama amaiziziritsa ngati thukuta. Kuwonjezera moto pamenepa kumangoumitsa kunja. Ikulungeni mu foyilo, ibwezereni, ndipo popeza utsi sukulowanso, malizani ndi makala okha mpaka mkati mufike madigiri 90 mpaka 95. Nkhuku imakhala yapsa pa 74. Mukaphula, tsekani chumuni ndi kabowo ka mpweya kuti moto uzime. Makala otsalawo ndi oyambira moto ulendo wina.