Mabawuti kulowa sindiye kuti giyabokosiyo ipirira

M'miyezi itatu yapitayi ndakhala ndikuitanidwa kukaona magalimoto amene eni ake anawawonjezera mphamvu, ndipo pafupifupi onse ndawapeza ali pa majeki, giyabokosi ili pansi, oyilo wake ali bii, akununkha kupserera. Nkhani yake ndi imodzimodzi. Munthu wathira ndalama zonse pa injini: turbo yaikulu, ma injector atsopano, kompyuta wakaisinthitsa kuti izithira mafuta ambiri. Pofika pa giyabokosi thumba laphwa. Ndiye amathamangira kwa ophwasula magalimoto n'kufunsa funso limodzi lokha, loti kodi otomatiki iyi ilowa pa injini yangayi? Mabawuti akangogwirizana, walipira, wanyamula, akumwetulira kuti watola.

Mabawuti sanena chilichonse za mphamvu imene giyabokosi ingapirire. Chimene chimapha giyabokosi ndi torque, mphamvu yopotokola ija imene imayezedwa mu Nm, osati ma horsepower amene anyamata amakonda kunyadirana nawo. Opanga amadziwa malire a chimene apanga, ndipo ena amachita kulemba pa dzina penipeni. Giyabokosi za kampani ya ZF za magiya 8 n'chitsanzo chabwino: 8HP45 anaipangira 450 Nm, pamene 8HP70 anaipangira 700 Nm. Wosadziwa akaziona zili pansi amati ndi amapasa. Giyabokosi ya DSG ya Volkswagen ya magiya 7 yotchedwa DQ200, ya makilachi ouma ija, malire ake ndi 250 Nm basi, ndipo injini zina zimene imabwera nazo zimakhala zili kale pamalire pomwepo zisanakhudzidwe n'komwe. Ndiye munthu akasinthitsa kompyuta Loweruka, akuyembekezera chiyani Lolemba?

Kumene ndaonako misozi yambiri ndi kwa amene amamanga injini za V8 za Chevrolet. Pa injini zimenezi pamalowa giyabokosi yotchedwa 4L60E, pamalowanso ina yotchedwa 4L80E. Yoyambayo imapezeka paliponse chifukwa inaikidwa m'magalimoto ochuluka kuyambira 1993, motero ndi yotchipa, ndiponso ndi yaing'ono, siivuta kulowetsa. Koma makaniko aliyense amene anaitsegulapo akuuzani malo awiri amene imathera: makilachi a giya 3 ndi 4, komanso chigoba cha mkati chotchedwa sun shell. Pa injini yosasinthidwa imatumikira zaka. Mukaiwonjezera katundu, malo awiriwo ndiwo amayamba kulira. Inzakeyo, 4L80E ya 1991, ndi mwana wa giyabokosi yakale yotchedwa TH400 ya 1964, anaiwonjezera giya yachinayi. Ndi yolemera, ndi yaikulu, nthawi zambiri mumafunika kusintha shafiti yopita ku difu, kusuntha chitsulo chimene imakhalapo, mwinanso kukhoma pansi pa bodi kuti ikwane. Anthu amaona ntchito imeneyo n'kuthawa, kuthawira ku chimene chiwadyere kawiri.

Imfa yake siibwera tsiku limodzi, n'chifukwa chake ambiri amakana kuti vuto linali kusankha. M'kati mwa otomatiki muli timbale ta kilachi timene timapanikizidwa ndi oyilo. Torque ikaposa mphamvu imene timbaleto tingagwire, timayamba kuterereka pang'ono kwambiri, moti woyendetsa samva kanthu. Kuterereka kumabala kutentha. Kutentha kumapsereza chikutiro cha timbaleto, nyenyeswa zake n'kugwera mu oyilo, n'kukatseka tinjira ta mu valve body (chigawo chogawa oyilo ku makilachi) ndi ma solenoid (timavavu tamagetsi totsegula ndi kutseka oyiloyo). Tinjira tikatsekeka, oyilo sapanikizanso mokwanira, ndipo kuterereka kumawonjezeka. Tsiku limene mudzamve injini ikukuwa pakati pa giya ndi giya galimoto osawonjezera liwiro, dziwani kuti zinayamba kale masabata angapo m'mbuyomo. Ndipo simutaya giyabokosi yokha. Nyenyeswa zija zadzaza mu torque converter (chigawo cholumikiza injini ndi giyabokosi kudzera mu oyilo), zadzaza mu cooler (choziziritsa oyilo) ndi m'mapaipi. Onkhetsani zonsezo, muwonjezere oyilo, makaniko wotsitsa ndi kukwezanso, ndi galimoto yodzakukokani pamsewu.

Chimene chimanditopetsa ndi mawu akale aja oti otomatiki ndi otomatiki basi. Ena akangomva kuterereka amakagula kabotolo ka mankhwala othira mu oyilo, ngati kuti kilachi yopsa ingamerenso. Ena amakweza kupanikiza kwa oyilo mpaka pamapeto popanda choyezera, galimoto n'kumagunda ngati yawombedwa kumbuyo ikamasintha giya, iwo n'kumati tsopano yalimba. Enanso amakhulupirira kuti oyilo wa mu giyabokosi ndi wa moyo wonse chifukwa anawerenga choncho penapake. Moyo umene ankanena kumeneko si wa galimoto yoti mwaiwirikiza mphamvu.

Pali bambo wina, mlimi, amene ali ndi pikapu ya V8. M'kati mwa sabata amakokera ngolo ya katundu wa kumunda, Loweruka amakapikisana ndi anzake pa bwalo la mpikisano. Nditafika ndinapeza magiyabokosi awiri akufa ali pakona, yachitatu ili m'galimoto, nayonso yayamba kale kununkha. Ndinawafunsa kuti bambo, zatheka bwanji? Iwo anati, "Alangizi, yoyamba ija inali ndi tsoka. Yachiwiri anaimanga molakwika ndi mnyamata. Koma iyi yokha yandizunguza mutu." Onse atatu anali a mtundu umodzi, ogulidwa kwa ophwasula, ndipo cooler inali yomwe ija ya poyamba, yosatsukidwa ngakhale kamodzi. Giyabokosi iliyonse yatsopano inkamwa nyenyeswa za inzake yakufa. Nditakweza maso ndinaonanso kuti aika matayala otambalala ogwira phula kwambiri. Kale matayala akale ankazungulira pamalo amodzi mphamvu ikachuluka, n'kupulumutsa giyabokosi. Tsopano mphamvu yonse inkathera m'kati. Titawerengera limodzi ndalama za atatuwo, zinakwana kugula imodzi yoyenera pamodzi ndi zonse zoyendera nayo. Anangoti kukamwa yasa, kenako n'kuyamba kundifotokozera za mtengo wa matayala.

Nanga achite chiyani amene ali ndi ndalama zochepa? Yambani mwakweza galimoto pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, mudziwe torque yeniyeni, osati ya m'kamwa mwa amene anakusinthirani kompyuta. Pa nambala imeneyo ine ndimawonjezera gawo limodzi mwa magawo 5, chifukwa palibe amene amasiya kuwonjezera mphamvu pamene ananena kuti asiyira. Ngati galimotoyo ndi yolemera kapena imakoka katundu, onjezeraninso. Ngati ndi ya mpikisano wa mtunda waufupi yokha, TH400 ya magiya 3 ndi yotsika mtengo, ndi yolimba ndipo siifuna kompyuta, kungoti pa ulendo wautali injini imakuwa ndi kumwa mafuta chifukwa palibe giya yopumira. Ngati mumayenda nayo tsiku ndi tsiku, 4L80E kapena 8HP70 ndi bwino, koma powerengera mtengo muphatikizepo kompyuta yake yoiyendetsa, mawaya ndi mbale yolumikizira ku injini, chifukwa izi ndi zimene zimadzidzimutsa anthu. A injini za Toyota za 1JZ ndi 2JZ, A340E imene munaipeza momwemo musaitaye msanga: kuikonza valve body ndi kuika makilachi abwino kumakufikitsani patali ndithu. Amene mwasankha giyabokosi ya 700R4, chingwe chake cha TV (throttle valve), chimene chimalamulira kupanikiza kwa oyilo, chikhale chochunidwa bwino musanatuluke pageti, apo ayi ipsa musanafike patali.

Pogula yakale, tsegulani sampu muone. Fumbi losalala pa maginito si vuto, koma tizidutswa tachitsulo kapena oyilo wonunkha kupserera, isiyeni pomwepo. Torque converter ya stall yokwera, imene imalola injini kuzungulira kwambiri isanagwire mokwanira, imatenthetsa oyilo kwambiri, choncho ikani cooler yakeyake yaikulu, yatsopano, ndi geji ya kutentha pamene maso anu akuona. Oyilo azikhala pakati pa 80 ndi 95 °C. Singano ikadutsa 120, chotsani phazi.