Kulumikiza kiyibodi ku kompyuta: dziwani kaye chimene chikuyenda m'chingwe

Usiku woyamba umene ndinasomeka kiyibodi yanga ku laputopu, ndinaimba nyimbo yonse ndi mawu a ogani amene ndimawakonda kwambiri. Nditabwezera kuti ndimve, munali zii. Timizere tosonyeza kiyi iliyonse imene ndinadina tinkaoneka pa sikirini, koma mawu ayi. Zinanditengera masiku awiri kuti ndizindikire kuti palibe chinawonongeka: chingwe cha USB chimene ndinasomekacho chinkanyamula MIDI yokha.

MIDI si mawu. Ndi uthenga chabe wonena kuti kiyi yakuti yadinidwa, ndi mphamvu yakuti pa muyezo wofika 127, yasiyidwa nthawi yakuti, pedulo yapondedwa. Makampani opanga zida zoimbira anagwirizana za njirayi mu 1983 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Choncho pakati pa kiyibodi ndi kompyuta pali njira ziwiri, ya uthenga ndi ya mawu enieni, ndipo kawirikawiri iliyonse ili ndi chingwe chake.

Yambani ndi ya uthenga. Tembenuzani kiyibodi muone kumbuyo. Mukapeza bowo la USB lokhala ngati la pulinta, chingwe cha pulinta chomwecho chikwanira. Pa makiyibodi a Yamaha bowoli amalilemba kuti USB TO HOST. Lina lolembedwa TO DEVICE ndi la fulashi, lisiyeni. Ngati kiyibodi ndi yakale, mupeza mabowo ozungulira a timano 5, ndiye mufunika chingwe chosintha MIDI kukhala USB. Apa ambiri amasokonezeka: uthenga wotuluka pa OUT ya kiyibodi uyenera kukalowa pa IN ya mbali ya kompyuta. Zingwe zina zimalembedwa mosamveka bwino, kotero zikakanika ingosinthanitsani mitu iwiriyo, simuwotcha kanthu.

Yatsani kiyibodi musanatsegule pulogalamu yojambulira, chifukwa ena mwa mapulogalamuwa amafufuza zida pa nthawi yotsegula yokha. Dzina la kiyibodi likapanda kuoneka, tengani driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo, pa webusaiti ya amene anapanga kiyibodiyo. Ine ndimagwiritsa ntchito Reaper, koma FL Studio, Cubase ndi Ableton Live onse amalandira MIDI. Audacity ndi yabwino pojambula mawu, koma MIDI ya kiyibodi sijambula. Mu pulogalamumo lolani kiyibodi kuti izitumiza uthenga, ikani piyano ya mu kompyuta pa thiraki (mzere wojambulapo), dinani kiyi. Ikalira, njira yoyamba yatheka.

Koma piyano imeneyo ndi ya kompyuta, si ya kiyibodi yanu. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa kiyibodi ndinaigulira mawu ake. Kuti mawuwo alowe, tengani zingwe ziwiri za jaki yaikulu ya 6.35 mm, musomeke pa L/MONO ndi R, zikalowe mu audio interface (kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta) ya mabowo awiri olowera, ndipo iyo ipite ku kompyuta pa USB. Musayese kulowetsa pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu. Ndinayesapo, mawu anatuluka osweka ndiponso mbali imodzi. Pa interface sankhani polembedwa line, batani la 48V (la magetsi a maikolofoni) likhale lozimitsa. Imbani gawo laphokoso kwambiri la nyimboyo uku mukukweza gain (mphamvu ya mawu olowa) mpaka mita izifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ikafika pofiira, mawu asweka ndipo sakonzeka. Makiyibodi ena atsopano amatumiza mawu ndi MIDI pa USB imodzi, ndiye onani kabuku kake musanagule interface.

Vuto limene limafooketsa kwambiri ndi kuchedwa. Mwadina kiyi, mawu akubwera pambuyo, zala n'kuyamba kukayika. Pa Windows sankhani driver ya interface yanu yotchedwa ASIO, kenako tsitsani buffer, kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu timene kompyuta imasonkhanitsa isanatulutse. Pa liwiro lojambulira la 44.1 kHz, buffer ya 1024 imachedwetsa pafupifupi mamilisekondi 23, pamene ya 128 safika 3, ngakhale kuti kompyuta imawonjezerapo pang'ono pake. Ine ndimajambula pa 128, ndipo mawu akayamba kuthetheka ndimakweza kufika 256. Posakaniza nyimbo ndimabwerera pa 1024, poti pamenepo kuchedwa sikuvuta.

Mukamva kiyi iliyonse ikulira kawiri, kapena mawu akhala opyapyala ngati akutuluka mu chitini, ndiye kuti kiyibodi ikudziimbira yokha kenako n'kuimbanso uthenga wobwerera kuchokera ku kompyuta. Fufuzani Local Control mu menyu ya kiyibodi muizimitse. Kumbukirani kuiyatsanso mukazula chingwe, apo ayi mawa muganiza kuti kiyibodi yafa.

Kulira kwa "nguu" kapena kakulira kosongoka m'masipika kawirikawiri kumachokera ku magetsi. Zulani chaja ya laputopu mumve. Kukasiya, somekani zida zonse pa ekisitenshoni imodzi, ndipo zikapitirira, kabokosi kotchedwa DI box kakaikidwa pakati pa kiyibodi ndi interface kamathandiza.

Masiku ano ndimachita chonchi. Ndimajambula MIDI poyamba ndikumvetsera mawu a kiyibodi kudzera mu interface. Chala chikaphonya, ndimakoka kamzereko ndi mausi kukaika pamalo pake. Ndikafuna kutsitsa nyimbo kuti woimba afikire, ndimatsitsa timizere tonse pamodzi osaimbanso. Zonse zikakhala bwino ndimatumiza MIDI ija kubwerera ku kiyibodi pa tchanelo 1 ya MIDI, kiyibodiyo imadziimbira yokha, ine n'kujambula mawu ake pa thiraki yatsopano. Thiraki ya MIDI sindiifufuta, ndimangoitseka mawu, ndipo pa dzina lake ndimalembapo nambala ya ogani amene ndinasankha pa kiyibodi.