Kumata kapeti m'boti nyengo yozizira

Guluu womatira kapeti amalimba pokhapokha madzi kapena mankhwala omwe ali m'kati mwake atauluka ngati nthunzi, ndipo kuulukako kumafuna kuti malo akhale ofunda. Ichi n'chifukwa chake kapeti yomatidwa kukuzizira imaoneka bwino tsiku loyamba, koma pakapita miyezi yochepa imayamba kumatuka m'mbali ndi kuchita makwinya pomwe anthu amapondapo kawirikawiri. Ntchitoyi ndi yotheka ndithu nyengo yozizira, malinga ngati boti, kapeti ndi guluu zatenthetsedwa limodzi musanayambe, n'kukhalabe zofunda mpaka guluuyo atauma kotheratu.

Yambani ndi kuwerenga zomwe zalembedwa pa chitini. Guluu wopangidwa ndi madzi nthawi zambiri amafuna madigiri 18 a Celsius kapena kuposerapo, ngakhale kuti mitundu ina imalola madigiri 10, ndipo akaundana pa digiri 0 amatha kuchita mibulu, osagwiranso ntchito. Guluuyu ndi wabwino pansi pa boti pomwe pali pulayiwudi, chifukwa thabwa limamwa ena mwa madziwo, komanso amakupatsani mpata wosuntha kapeti ikakhala mopendekeka. Pa aluminiyamu kapena fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi) nkhani ndi ina: ngati kunsi kwa kapeti kuli labala, madzi amasowa kotulukira, ndipo kukuzizira guluu amakhala wauwisi masiku ambiri. Pa malo otere, makamaka pa zivindikiro ndi m'mbali moimirira, guluu wa contact, wopangidwa ndi mankhala ouluka msanga ndipo amagwira akangokhudzana, ndiye woyenera, koma muyambe mwamuyesa pa kachidutswa ka kapeti, popeza mankhwala ake ena amasungunula labala.

Kutentha kofunika kuyeza ndi kwa malo omwe mupakepo guluu. Chipinda chimatha kufunda pa ola limodzi, boti likadali lozizira, ndipo mpweya wofunda ukakhudza aluminiyamu wozizira umasiyapo mame, nthawi zina ochepa kwambiri moti maso sawaona, koma okwanira kulepheretsa guluu kugwira. Choncho lowetsani boti m'galaja kapena m'shedi, kapena limangireni kachisakasa ka lona, ndipo mulitenthetse kwa tsiku lathunthu. Ikani choyezera kutentha pa chitsulo penipeni, pansi kwambiri pa boti, chifukwa mpweya wozizira umatsikira kumeneko. Pulayiwudi naye amasunga chinyontho. Matani kapulasitiki ndi tepi pa thabwalo, mbali zonse zinayi, n'kukasiya usiku wonse. Mukapeza timadontho kunsi kwake m'mawa, kapena thabwa litadera pamalopo, dikirani kaye liume. Zonse zomwe zingamasulidwe, monga zivindikiro ndi matabwa a pansi, ndi bwino kuzichotsa n'kukazimatira m'chipinda chofunda, pakuti kutenthetsa thabwa limodzi n'kosavuta kusiyana ndi boti lonse.

Pa nkhani ya chotenthetsera m'pofunika kusamala kwambiri. Hita ya gasi kapena ya palafini imatulutsa nthunzi yambiri: kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikapsa imatulutsa madzi oposa kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo madzi amenewo amakathera pa boti lomwe mukufuna kuumitsa. Imatulutsanso mpweya wa carbon monoxide, womwe umapha m'malo otsekeka. Hita ya magetsi ndiyo yoyenera. Mukamagwiritsa ntchito guluu wa contact, dziwani kuti mpweya wake umayaka msanga, ndipo poti ndi wolemera umadzadza pansi pa boti ngati madzi m'beseni. Tenthetsani malo kaye, zimitsani hita iliyonse, tsegulani zitseko, ndipo muyatsenso pokhapokha fungo litatha. Ndi guluu wa madzi hita ikhoza kuyakabe, koma siyani mpata pang'ono ndi fani yaing'ono kuti chinyezi chizituluka.

Palani guluu wakale yense, kwechani ndi sandipepa wa nambala 80, chotsani fumbi, ndipo pa aluminiyamu ndi fibreglass pukutanipo ndi mankhwala otsukira otchedwa acetone kuti mafuta achoke. Kapeti ikazizidwa imauma gwa, choncho itambasuleni m'malo ofunda kwa maola 24 kuti ifewe ndi kuwongoka, kenaka muidule mosiyako masentimita pafupifupi 5 mbali iliyonse. Onetsetsani kuti ubweya wa zidutswa zonse waloza mbali imodzi, apo ayi zidzaoneka ngati za mitundu iwiri. Chitini cha guluu chigone m'nyumba, ndipo pogwira ntchito mukhoza kuchiimika m'ndowa ya madzi ofunda. Musachiike pa moto, komanso musathiremo madzi kapena thina pofuna kuti guluu asalimbe, chifukwa kutero kumamuchepetsa mphamvu.

Yalani kapeti pa malo pake, pindani theka lake, ndipo pakani guluu wa madzi ndi chitsulo chamano cha mano a mamilimita pafupifupi 3, kuti asiye timizere tofanana. Ambiri amaganiza kuti kukazizira ayenera kupaka wambiri, koma guluu wochindikala amauma pamwamba pokha, ndipo mukamutsindira amatulukira mu ubweya n'kusiya mawanga olimba. Dikirani mpaka timizereto titayamba kunanda mukatikhudza ndi chala, zomwe kukuzizira zimatenga nthawi yaitali kuposa yolembedwa pa chitini. Gonekani kapeti pang'onopang'ono, kenaka tsindirani ndi rola kuyambira pakati kumka m'mbali. Tukulani kona imodzi muone kunsi: ngati guluu wafika paliponse, zili bwino, ngati pali malo ouma, ndiye kuti mwachedwa kapena mwapaka wochepa. Guluu wa contact amapakidwa mbali zonse ziwiri, ndipo mumalumikiza pamene sakukanirira ku chala. Mukaona kuti wayererako pamwamba ngati chifunga, amenewo ndi mame omwe abwera chifukwa mankhwala pouluka aziziritsa chitsulo, ndipo musalumikize mpaka atauma. Poti guluu ameneyu akagwira sasunthikanso, ikani pepala lolimba pakati n'kumalisolola pang'onopang'ono pamene mukutsindira.

Gawo lomwe limalephereka kawirikawiri ndi la usiku. Munthu amamaliza kumata madzulo, n'kuzimitsa hita pokagona, ndipo m'bandakucha guluu wazizidwa asanagwire. Malo akhale ofunda usana ndi usiku kwa maola 48 mpaka 72. Musavindikire kapeti ndi pulasitiki. Ngati m'mbali mukutukuka, ikanipo timatabwa topapatiza ndi zolemera pamwamba pake. Zotsala m'mbali mudule ndi mpeni wakuthwa guluu atagwira, ndipo pomwe kapeti yapindikira kunsi kwa thabwa muikhomere ndi timisomali tosachita dzimbiri.

Kuti mudziwe ngati guluu wauma popanda kuwononga ntchito yanu, matani kachidutswa ka kapeti pa kathabwa kapena kachitsulo kofanana ndi ka m'botimo tsiku lomwelo, n'kukasiya pansi m'botimo. Pakatha masiku atatu kakokeni mwamphamvu. Kakasendeka mosavuta, guluu akadali woyera ndi wofewa, pitirizani kutenthetsa, ndipo boti lisalowe m'madzi kapena kuvumbwa ndi mvula. Ngati mulibe njira yosungira madigiri ofunikawo kwa masiku atatu otsatizana, palani, kwechani ndi kudula kapeti panopa, koma kumatako kudikire mpaka kunja kutafunda.